Kamera ya Atelala

Atelala anasoka madiresi a ukwati kwa zaka zambiri m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya nsapato. Anali mayi osalankhulalankhula, ndipo akwatibwi ambiri a m'tauniyo anadutsa m'manja mwawo. Kenako nyamakazi inalowa m'zala. Poyamba ankalephera kulowetsa ulusi pasingano, pambuyo pake ngakhale sizasi inkawapulumuka. Dokotala anati zalazo sizidzawongokanso. Iwo anangothokoza, kubwerera kunyumba, n'kufunditsa makina nsalu. Sanalire. Mwana wawo wamkazi ankayembekezera kuti mwina alira mawa, koma ayi ndithu. Ankangokhala pakhonde, maso ali kumsewu, tiyi n'kumazizira m'kapu.

Nzeru yojambula zithunzi inabwera ndi mlamu wawo, woyendetsa takisi. Anati aliyense wokonza ukwati amawadziwa kale, ndiye bwanji osamapita kumaukwati komweko ndi kamera? Atelala sanavomere, sanakanenso. Loweruka m'mawa mlamuyo anangowapeza atavala, akudikira pageti kuti akagule kamera.

Mwini sitolo ya makamera, bambo wa dazi, anayala katundu pagalasi n'kuyamba kufotokoza. Yaikulu yakudayo, anatero, imaona bwino ngakhale m'holo ya mdima. Atelala anainyamula, koma inawalemera, ndipo anaibweza. Anawapatsa ina yolowa m'thumba, koma mabatani ake anali ngati timbewu ta mapira. Chala chawo chinkadina awiri nthawi imodzi.

"Alamu, chala chanucho chikuponda buleki ndi moto pamodzi," anatero wa takisi.

Mwini sitolo anaseka. Atelala anangoyang'ana chalacho ngati ndi cha munthu wina.

Apo bamboyo anasiya kutama katundu. Anayang'ana manja awo, kulowa mkati, n'kutuluka ndi kamera yogwirapo kale ntchito, yapakatikati, ya chogwirira chonenepa ndi batani lalikulu. Anawauza kuti atenge lenzi imodzi yokha, yotha kukoka zapatali n'kujambulanso zapafupi, kuti asamavutike ndi kumasula ndi kumanga pakati pa anthu. Lenzi yaitali yomwe inali pagalasipo aisiye, ndi ya ojambula mbalame. Anawonjeza fulashi ya m'holo, batire lapadera, lamba wa m'khosi woti kamera ikapulumuka isafike pansi, ndi choimikira cha mwendo umodzi choti mkono uzipumirapo.

"Mwaikonda, mayi?"

"Ikugwirika," anayankha.

Anaphunzirira pabwalo la kunyumba. Anajambula geti, zovala pachingwe, galu wa aneba. Zithunzi zoyamba zinali zopanda mitu, zina zambuu ngati zajambulidwa muutsi. Mwana wawo ankawaonetsa pofufutira, iwo n'kumafufuta osadandaula, n'kuyambiranso.

Ukwati woyamba unali wa mng'ono wake wa mayi wina yemwe anamusokerapo kale. Zithunzi ankajambulira kupaki, dzuwa lili paliwombo, nkhope zonse zikutuluka zakuda m'maso. Atelala anasamutsira gulu lonse pamthunzi wa mtengo. Ali pomwepo anaona diresi la mkwatibwi. Linasokedwa ndi wina, ndipo phewa lakumanzere linali lotsika pang'ono. Kale akanalimasula pomwepo ndi mano. Tsikulo anangouza mtsikanayo kuti atembenukire kwa mwamuna wake, phewa lija n'kubisika, iwo n'kudina.

Atapereka zithunzizo, mayi a mkwatibwi analira n'kuwakumbatira. Atelala anaima chilili, manja ali lende, mpaka mayiwo atamaliza. Kenako anafunsa ngati chithunzi chachikulu pa zonsezo achiike m'felemu.

Ntchito inayamba kubwera. Lero amajambula maukwati, omaliza maphunziro, ngakhale masewera a kusukulu. Amafika msanga, kuyang'ana komwe dzuwa lili, kudzala mwendo wa kamera pansi, n'kudikira. Anthu akamavina iwo savina. Ena amati ndi odzikonda, ena amati ndi aulemu, koma onse amawaitanabe.

Tsiku lina madzulo, akupukuta lenzi ndi kansalu, mwana wawo anawafunsa ngati ntchito yatsopanoyi ikuwasangalatsa. Anamaliza kupukuta, n'kuika lenziyo pambali.

"Sindikudziwa, mwanangu," anatero.

Kenako anamupempha kuti aimbire alamu awo a takisi aja, awauze kuti mawa kuli mpikisano wothamanga kusukulu ya pulayimale, asachedwe.