Sefa ya Dzuwa ya a Januario

A Januario Nyamizinga anachoka ku Nsanje ali mnyamata, n'kukhala wowotcherera zitsulo ku Makata. Diso lawo lamanzere linafera pa ntchito yomweyo. Atapuma, ankakhalira telesikopu yakale pakhomo pawo ku Bangwe, ndipo ankalakalaka kujambula madontho akuda a padzuwa.

Tsiku lina Eddie, wogulitsa katundu pa intaneti, anawabweretsera sefa yochepetsa kuwala, yoveka kutsogolo kwa telesikopuyo.

"Ndi orijino iyi, madala. Tangoyang'anani muone."

"Yamba ndiwe," anatero a Januario.

Eddie anaseka, akuti maso ake amavuta kale.

A Januario analowa nayo kuchipinda, n'kutseka makatani, n'kuyatsa tochi kuseri kwake. Panaoneka timabowo tiwiri tonga poboola singano. Anam'bwezera osakalipa.

Patatha miyezi itatu, mwana wawo Constance anatumiza sefa ina kuchokera ku Joni. Nayonso anaiunika masiku atatu, bowo osalipeza. Komabe sanaikhulupirire kwenikweni. Mpaka lero amamangirira foni pa telesikopu, dzuwalo n'kumalionera pa foniyo, atakhala chapatali pang'ono.