Lachiwiri lomwe sindinalembe m'kaundula

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha zilembo zanga. Ndinali nditangomaliza Folomu 4, mayeso osayenda bwino, ndikungozungulira pamsika wa Neno. Matipate anali atangoyamba kumene, dera lathu likadali pansi pa Mwanza. Tsiku lina a Magombo, eni golosale yaikulu pamsikapo, anandipeza ndikulembera mayi wina kalata yopita kwa mwana wake ku Joni. Anaiyang'ana kalatayo n'kundiuza kuti timu ya mpira ikufuna mlembi. Malipiro ake anali ongokwana sopo ndi mchere, koma kungomva anthu akundiitana kuti "a mlembi" ndinayamba kuyenda mapewa ali m'mwamba.

Anandipatsa kaundula wachikuto chakuda, buku la ndalama, mapepala a kaboni, sitampa ndi bolopeni ziwiri. M'kaundula ndinkachonga osewera amene abwera ku pulakatisi Lachiwiri, Lachinayi ndi Lachisanu. Wosabwera ndinkamuikira mtanda. Loweruka m'mawa ndinkakoka chingwe pabwalo n'kuthira mizere ya phulusa losakaniza ndi laimu. Bwalolo linalibe mpanda, choncho masewero akafika pakati ndinkazungulira ndi mbale, wofuna aponyemo kangachepe.

Kochi anali a Likongwe, bambo wamfupi wotsimphina mwendo wamanzere, amene anali atakhala ndi timuyi zaka zoposa khumi osalandira kanthu. Mpira ukang'ambika ankausoka okha ndi singano ya matumba ndi ulusi wa m'tayala. Kale depoti yogula mbewu ndi imene inkapereka lole ndi majezi, koma zinthu zitasintha depotiyo inatsekedwa. Amalonda anayi anaitenga timu, n'kumasonkha mwezi ndi mwezi, a Magombo ali wapampando. Munthu wa sitolo akaika ndalama yake penapake amafuna aone chobwerera. Andale anali atayamba kubwera ndi zikho, ndipo a Magombo ankafuna chimodzi chikhale pashelefu pafupi ndi shuga. A Likongwe anali asanatengepo chikho n'chimodzi chomwe. Timu yawo sinkagonja mwachisawawa, koma kumapeto sinkafikako.

Mvula itagwa ndinaona chachilendo. Lachiwiri lililonse pabwalo sipankabwera munthu. Ndinkadikira mpaka dzuwa kupendeka, kenako n'kudzaza tsamba ndi mitanda. Sabata yachitatu ndinafunsa ana oweta mbuzi, n'kutsata njira yokwera kuphiri. Ndinaipeza timu yonse m'munda mwa mayi ake a goloboyi wathu, aliyense ndi khasu, akupalira chimanga. A Likongwe anali pamzere woyamba, mwendo wopweteka uja akuukoka m'matope.

"Anyamatawa ndi manja a makolo awo," anatero. "Ndikawabwereka Loweruka, ndiyenera kubweza Lachiwiri. Inu a mlembi muzilemba zimene mwaona."

Anandifotokozera kuti sabata iliyonse amapita kumunda kwa wosewera wina, mpaka onse akwane. N'chifukwa chake palibe kholo limene linkakaniza mwana wake mpira, ngakhale udzu utavuta bwanji. Ndinatsika phirilo nditamvetsa bwinobwino. Koma nditatsegula kaundula ndinapeza malo awiri okha, wabwera ndi sanabwere. Malo a kupalira munalibe. Ndinaopa kudetsa buku langa loyera ndi zolemba za m'mphepete, ndiye ndinapitiriza kuika mitanda.

Chaka chimenecho tinafika patali m'chikho cha wandale wina. Amalonda aja analipira galimoto yopita ku Zalewa, anagula majezi atsopano, ena mpaka anatseka masitolo kuti akaonere. Tinagonja ndi chigoli chimodzi. Pobwerera m'galimoto munali zii, kupatula a Magombo amene ankawerengera mokweza zimene awononga.

Msonkhano anauika Lamulungu masana, titatuluka kutchalitchi, pakhonde la kuseri kwa golosale. Usanayambe a Magombo anandikokera pambali. Anati ndiwerenge zimene zili m'mabuku basi, osawonjezera nthano, ndipo anatchulanso kuti akufuna munthu wodziwa kulemba pakauntala yawo, wa malipiro enieni. Sindinama, mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe.

Ndinayamba ndi buku la ndalama: zolowa, zotuluka, ndi dzenje limene linatsala pambuyo pa ulendo wa ku Zalewa. Kenako kaundula. Ndinawerenga tsamba ndi tsamba, Lachiwiri ili palibe anabwera, Lachiwiri linalo palibe anabwera, kuyambira mvula yoyamba mpaka chimanga kumasula. Wamalonda wina anawomba m'manja kamodzi n'kunena kuti basi apeza pamene ndalama zawo zimathera, akudyetsa timu yogona.

A Magombo anafunsa ngati pali amene akudziwa kumene timu imakhala Lachiwiri. Ndinayang'ana nsapato zanga. A Likongwe akanatha kuyankha okha, koma ndikuganiza kuti sanafune kutchula pamaso pa eni masitolo mayina a mabanja amene sakanatha kupalira minda yawo popanda thandizo. Ena mwa mabanjawo ankagula mchere pagolosale yomweyo. A Likongwe anatembenukira kwa ine.

"A mlembi, mwamaliza?"

"Ndamaliza," ndinayankha.

Anadikira pang'ono, ngati munthu woyembekeza kuti mnzake akumbuke chinthu. Kenako anauza komiti kuti zimene ndawerenga ndi zoona, mlembi sananame. Anavula wezulo m'khosi, anaika pampu ya mpira ndi singano ija pabenchi, n'kutsanzika aliyense ndi dzina lake. Ine anandipatsa moni wa padzanja. Kalata yowachotsa ndinailemba ndine tsiku lomwelo, ndi kaboni pansi pake, n'kudindapo sitampa.

Kochi watsopano anachokera ku Blantyre, wolandira pamwezi, wa tirakisuti yonyezimira. Mpira ankaudziwa, zimenezo sindingamulande. Analamula pulakatisi masiku anayi pasabata, ndipo nthawi yachilimwe kaundula wanga anakongola, mitanda osaoneka. Mvula itabweranso makolo anayamba kutenga ana awo mmodzimmodzi. Goloboyi ndiye anayamba, mayi ake atabwera okha kudzamutenga pabwalo. Loweruka lina timu ya ku Chifunga inafika wapansi, itayenda mtunda wonsewo, n'kupeza ife tili asanu ndi awiri. Anadya nthochi zawo pansi pa mtengo n'kubwerera. Mwezi wotsatira amalonda anasiya kusonkha, kochi anakwera basi, pabwalo panamera nsenjere.

Ine ndinali pakauntala, ndikuyeza shuga. A Likongwe ankabwera kudzagula machesi, n'kumandifunsa za makolo anga mwaulemu wawo womwe uja. Ndinkalakalaka atandikalipira tsiku limodzi kuti mtima ukhale pansi, koma sanatero. Kangapo konse ndinatsegula pakamwa kuti ndipepese, n'kungowapatsa chenji.

Anamwalira patapita zaka zitatu. Achibale awo anabwera kwa ine, akuti popeza ndinali mlembi wa timu, ndilembe mbiri yawo yoti iwerengedwe pamaliro. Ndinalemba masamba anayi. Ndinatchula munda uliwonse umene ndinkaudziwa, ndi mabanja amene anakolola chifukwa cha iwo, ndi zaka zonse zimene timu yopanda ndalama inkatulutsa anthu khumi ndi mmodzi Loweruka lililonse osaphonya. Ndikuwerenga, amayi ena analira mokweza, ndipo a Magombo anaweramitsa mutu. Akuluakulu anandiyamikira kuti ndalemba bwino. Zinandiwawa kuposa kutukwanidwa, chifukwa zonsezo ndinkazidziwa kale tsiku lija pakhonde, pamene zikanawathandiza.

Ndagwira ntchito ya ukalaliki m'maofesi angapo kuchokera nthawi imeneyo, ndipo mabwana ena amandida chifukwa mabuku anga amadzaza ndi zolemba za m'mphepete. Sindisintha. Munthu akamaweruzidwa ndi buku limene ndalemba ine, ndimanena ndi zimene bukulo lilibe malo ake, iye akadali pomwepo kuti amve. Mpaka lero, wina akandifunsa pamsonkhano ngati ndamaliza, ndimamva mawu a a Likongwe, ndipo ndimayamba ndaganiza kaye zimene bukulo lasiya ndisanayankhe.