Ndinaperekeza Alendo Mpaka Kumtsinje

Anabwera Lachitatu m'mawa, mwezi wa Novembala, ndili kuseri kwa nyumba ndikukhomera khasu pampini. Mvula yoyamba inali itagwa Lolemba, ndipo aliyense ku Chisenga mtima wake unali kumunda. Ndinamva odi wa mwamuna, odi wosadikira yankho. Nditazungulira kukhomo ndinapeza apolisi awiri, galimoto yawo ataisiya kumsewu.

Wamkulu wa awiriwo anali wa kumwera, koma ulemu wathu anali atauphunzira. "Monire, adada. Mwawuka uli?" anatero. Ndinayankha n'kuwatulutsira mipando, koma anakana kukhala.

"Tikufuna mukatithandize pang'ono kuofesi. Mubwerako lero lomwe."

Ndinakwera galimoto ndi malaya a kumunda. Pobwerako ndinapeza chimanga cha anzanga chitamasula.

Sinditchula dzina la munthu, la sukulu kapena la polisi imene ananditengera. Ena mwa anthuwa ndimakumana nawo pamsika, ndipo ena ndi ana a eni ake. Ndingolemba zimene ndinaona, m'Chichewa changa chomwechi chimene ndinatola kusukulu ndi m'minda ya fodya ndili mnyamata.

Mwana wanga wamkazi, woyamba kubadwa, anali Folomu 4 pasukulu ina yogonera komweko m'boma lathu lino. Teremu ili mkati, akuluakulu a sukulu analengeza kuti fizi yakwera, ndipo wosalipira yowonjezerayo anyamule katundu wake azipita. Nthawi imeneyo ya chaka mlimi amakhala atapukuta m'thumba, zonse zitathera ku feteleza. Ana anayamba ndi nyimbo, kenako miyala. Pofika Loweruka ofesi ndi nyumba yosungiramo chakudya zinali phulusa, ndipo mlonda wa pasukulupo, bambo wamkulu kuposa ine, anali m'chipatala atagendedwa diso. Apolisi anathira utsi wokhetsa misozi, ana anabalalikira m'tchire, sukulu inatsekedwa. Mwana wanga anafika kunyumba Lamulungu, wapansi, osafuna kulankhula.

Lolemba, mvula itangokata, anyamata atatu anatulukira kumunsi kwa munda wanga, atanyowa, wina akutsimphina. Mwana wanga atawaona analowa m'nyumba osatulukanso. Ine ndi imvi zanga zonsezi ndinkayesa ndi manyazi a atsikana. Mayi ake anawaphikira chinangwa ndi nyemba. Ndinadziwa kuti ndi ana a sukulu ija othawa utsi, koma zoti ndi iwo anayatsa moto sindinadziwe ndipo sindinafunse. Mayina sindinafunsenso. Kwathu kuno munthu wanjala sumufunsa dzina ngati wapolisi, umangofunsa kwawo. Anati kwawo ndi cha ku Wenya, koma akupita kwa amalume awo kuseri kwa mapiri a Mafinga. Pamapu kumeneko ndi ku Zambia. Kwa ife ndi kumene tinakwatitsa alongo athu, kumene timapita kumaliro osafunsa munthu chilolezo.

Atadya ndinachita zimene ndinakula ndikuona. Mlendo sachoka yekha pakhomo ngati galu wopirikitsidwa. Umamuperekeza, umamunyamulira katundu, ndipo ukamufikitsa patali ndiye kuti wamulemekeza kwambiri. Wotsimphina uja anali ndi chikwama, ndinachikoleka paphewa langa. Ndikanabwerera pamsewu, koma mwanayo ankavutika ndi matope, choncho ndinafika nawo mpaka kumtsinje kumene njira imayambira kukwera phiri. Anali masana, anthu ali mbwee m'minda, ine ndikupereka moni uku ndi uku. Sindinamvepo za chigawenga chothawitsa anthu chikupereka moni, koma anthu omwe ndinawapatsa moniwo ndi amene anauza apolisi.

Kupolisi anandivula lamba ndi nsapato n'kundilowetsa m'chitolokosi. Madzulo a tsiku lomwelo anandiitanira m'kachipinda kopanda zenera. Wondifunsa anali wina, wachinyamata, wosavala yunifolomu.

"Mdala, unanyamula chikwama?"

"Ndinanyamula, bwana."

"Unawafikitsa pamalire?"

"Ndinawafikitsa pamtsinje."

"Ndiye ukukana chiyani?"

Palibe chimene ndinkakana, ndipo vuto langa linali lomwelo. Chilichonse chimene ndinkavomera ngati ulemu, iye ankachilemba ngati mlandu. Kenako anafuna mayina a anyamatawo.

"Sindikuwadziwa, bwana."

"Uwadyetse, uwanyamulire katundu, osawadziwa mayina? Ukutiyesa ana?"

"Bwana, kukaya kwithu ndimo tikuchitira. Mlendo..."

"Kuno si kukaya, si kumudzi kwanu," anatero, n'kutseka chitseko.

Zimene zinachitika chitseko chitatsekedwa sindifotokoza zambiri. Sizinatenge nthawi yaitali. Kuyambira tsiku limenelo khutu langa lakumanzere silimva, ndipo amene akufuna kundiuza nkhani amakhala kumanja kwanga.

Lachisanu anandiitana wamkulu waulemu uja. Anandipatsa mpando, ndipo ine sindinakane. Analankhula motsitsa mawu.

"Adada, inu si amene tikufuna. Koma nyumba za boma zapsa, munthu wataya diso, ndipo akumtunda akufuna chitsanzo. Ana onse asukulu atseka pakamwa ngati anapangana. Ndamva kuti muli ndi mwana pasukulu ija. Iye mayina akuwadziwa. Tikhoza kukamutenga abwere adzatiuze."

M'pamene ndinazindikira chimene mwana wanga anabisalira m'nyumba tsiku lija. Ndinatsika pampando n'kugwada, munthu wamkulu ine, dikoni wa mpingo. Ndinali nditaona kachipinda kopanda zenera kaja, ndipo mwana wanga anali ndi mayeso omaliza chaka chomwecho cha sukulu. M'banja mwathu monse palibe anali atafikapo Folomu 4.

"Chonde, bwana, mwana yura mumuleke. Ine ndilipo, khalani nane ine."

"Yewo, adada," anatero. "Ndiye kumbukirani mayina."

Ndinabwerera m'chitolokosi ndikuyesa kukumbukira zinthu zimene sindinamvepo.

Sabata yotsatira ananditengera kukhothi. Anawerenga mlandu wothandiza olakwa kuthawa. Belo anandikaniza, ati munthu wokhala mphepete mwa malire sachedwa kuwoloka. Ananditumiza kundende kukadikira mlandu. Kumeneko dzina langa linasanduka Mdala wa Chikwama, ndipo ngakhale oyang'anira ndende ankandiitana choncho. Nyapala, mkaidi amene amalamulira anzake m'chipinda, ataona imvi zanga anandipatsa malo a kukhoma kuti ndizitsamira. Enawo ankagona chokhala, wina pakati pa miyendo ya mnzake. Chakudya chinali kamodzi patsiku. Mvula ikamagwa padenga ndinkawerengera m'mutu kuti tsopano anzanga akudzala nyemba, tsopano akupalira, tsopano akuthira feteleza, ine ndili chikhalire.

Nkhani ya ana asukulu inali pakamwa pa aliyense. Mkaidi wina, wogwidwa ndi matumba a chimanga pamalire, ankati ana otero ndi ofunika kuwakwapula pamaso pa makolo awo n'kuwabwezera m'kalasi, basi nkhani yatha. Woyang'anira ndende wina ankati ayi, kuwamanga zaka zambiri kuti anzawo atengerepo phunziro. Wina ankati amange amene anakweza fizi pakati pa teremu. Akandifunsa ine ndinkaganiza za mlonda uja, amene sanakweze fizi ya munthu koma diso lake silibwereranso. Ndinkaganizanso za mwana wotsimphina uja, mmene ankadyera chinangwa chija. Mpaka lero sindidziwa chilango choyenera. Chimene ndinaona n'chakuti chilango chikasowa mwini wake chimagwera amene ali pafupi. Akuluakulu amati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, ndipo ine zinandipota osalawako n'komwe.

Mkazi wanga anabwera kudzandiona Khirisimasi itayandikira, atakwera lole ya amalonda. Anandiuza kuti makolo anachita msonkhano, anagwirizana kuti banja lililonse lisonkhe zokonzera zimene zinapsa, sukulu itsegulidwe mu Januwale, ndipo otsogolera chipolowe akadziwika achotsedwe. Anandiuzanso kuti munda wakumtunda sanadzale. Ankalankhula maso ali pakhutu langa, limene nthawi imeneyo linkatuluka mafinya.

"Mwana wali uli?" ndinafunsa.

"Sakudya. Akungofunsa za inu."

"Ukamuuze asatsegule pakamwa. Sukulu ikatsegulidwa apite, awerenge, alembe mayeso. Za ine aiwale, ine ndakula kale."

Ndinanena mawuwo mwamphamvu ngati mwini nyumba, koma ndinali kuseri kwa waya. Munthu wa kuseri kwa waya salamula ngakhale nkhuku.

Tsiku la mlandu wanga linkangosunthidwa. Amati wosuma kulibe, mawa amati mapepala sanafike. Ndinasiya kufunsa. Januwale anatha, ndinamva kuti mwana wabwerera kusukulu, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinadya chakudya cha kundende ndi mtima wokhazikika. Ndinkati ngakhale andisunge mpaka kukolola, bola iye alembe.

Lachinayi lina mu Febuluwale, dzuwa litakwera, woyang'anira ndende anafuula pakhomo. "Mdala wa Chikwama! Tenga zako, mlandu wako authetsa." Zanga zinali malaya a kumunda omwe aja. Palibe anandifotokozera chifukwa, ndipo ine sindinafunse, kuopa kuti angasinthe maganizo.

Pachipata ndinakumana ndi apolisi akulowetsa mkaidi watsopano, unyolo uli m'manja. Anali ataonda, koma mayendedwe ake ndinawazindikira, chifukwa mwendo uja sunapole bwino. Naye anandizindikira. Anaweramitsa mutu n'kunena, "Monire, adada." Pomwepo ndinadziwa kuti pali munthu amene watsegula pakamwa.

Kunja, pansi pa mtengo, mwana wanga anali ataima atavala yunifolomu ya sukulu.

"Ndiwe?" ndinafunsa.

"Ndine, adada."

"Ndinati chiyani ine?"

"Munati ndisatsegule pakamwa. Koma amama anati khutu lanu likuwola."

Palibe anakamutenga. Anapita yekha kupolisi, nthawi ya kalasi, n'kutchula mayina onse atatu. Awiri anali adakali kuseri kwa mapiri, koma wotsimphina uja anali atabwerera kwa amayi ake ku Wenya poganiza kuti zinthu zazizira. Ndinafuna kumukalipira mwana wanga, ndinafunanso kumugwadira. Sindinachite chilichonse mwa ziwirizi. Tinangoyenda kupita kokwerera galimoto, iye ali kumanja kwanga.

Kusukulu nkhani inamveka tsiku lomwelo. Palibe anamumenya. Anzake anangosiya kumulankhula, akakhala pabenchi ankasuntha, kangapo anapeza matiresi ake atathiridwa madzi. Ankamutcha kazitape. Isitala isanafike anabwera kunyumba ndi katundu wake yense. Ndinavala jekete n'kupita kusukulu kukadandaula, ndipo aphunzitsi anandilandira bwino kwambiri. Anati mwanayo palibe wamuchotsa, malo ake alipo, abwere tsiku lililonse limene akufuna. Ndinasowa womudandaulira, chifukwa sungasumire ana mazanamazana kuti sakupereka moni. Ndinayesa kufunafuna sukulu ina, koma ndi munda wosadzalidwa uja ndinalibe poyambira. Mayeso analembedwa iye akutola nyemba ndi mayi ake. Mnyamata uja khothi linamupeza wolakwa pa mlandu wa moto, ndipo adakali kundende.

Anthu ampingo anabwera kudzandiyamikira kuti Mulungu wandimasula. Ndinawathokoza. N'zoona kuti ndimagona chotambalala, ndimatuluka panja nthawi imene ndafuna, ndimaona mapiri m'mawa uliwonse. Koma ufulu umenewu sindikondwera nawo, ndipo ndikunena poyera kuti umandiwawa. Ndinali wokonzeka kulipira ndi miyezi yanga, ndi khutu langa lachiwiri ngati ankalifuna, koma palibe anandifunsa. Analipira ndi mwana wanga, ndipo ine ndilibe chomubwezera.

Msewu wochokera ku Wenya kupita kuboma umadutsa pafupi ndi nyumba yathu. Amayi a mnyamata uja amadutsa pamenepa akamapita kukaona mwana wawo, dengu la chakudya lili pamutu, nthawi zambiri wapansi. Sindikudziwa ngati akudziwa kuti pakhomo pano ndi pa yani. Mwezi wathawu, dzuwa litawatentha, anapatuka kudzapempha madzi. Ine ndinali pakhonde. Mwana wanga ndi amene anatuluka ndi chikho, anagwada n'kuwapatsa ndi manja awiri. Anamwa, anapukuta pakamwa, n'kumuyang'ana.

"Yewo, mwana wane. Kasi sukulu unamaliza?"

"Ndinasiya, amama."

"Fizi?"

Mwana wanga anayang'ana pansi. "Eya, fizi."

"Ehe," anatero mayiwo akusenza dengu lawo. "Fizi yatimalizira ana."