Ankanditcha Dona Chifukwa Sindinkasenza

Tinkasenda chinangwa cha makaka pabwalo, ine ndi mkulu wanga Rozina, pamene asilikali anatulukira kuseri kwa nkhokwe. Kunali kwathu ku Mozambique, tsidya lina la nyanja ya Chiuta. Ndinali ndisanathe msinkhu.

Anatisenzetsa ufa wathu womwe. Lamulo linali limodzi: wotula katundu, ulendo wake wathera pomwepo. Rozina anavula mpango wake n'kundipindira nkhata. Iye anasenza popanda nkhata.

Dzuwa litapendeka, khosi lake linayamba kunjenjemera. Anatula. Asilikali sanatilole kucheuka. Mfuti inalira kamodzi.

Mawa lake, iwo akukanganirana mbuzi, ndinaponya thumba n'kulowa m'bango. Msodzi wina anandiwolotsa pa bwato atandifunditsa ukonde. Nkhata ija inali m'manja mwanga.

Ndinakulira ku Nselema, ndinakwatiwa komweko. Koma kanthu kakangondikhudza pamutu, mpweya unkandithera, miyendo n'kuuma gwa. Madzi ndinkanyamula m'manja, chidebe chikundimenya m'miyendo. Kuchitsime ankanditcha Dona. Apongozi ankati mwana wawo anakwatira chithunzi. Ena anandiwaza madzi odalitsa, ati ndi ziwanda. Zimandipsetsa mtima mpaka lero. Pakamwa ponyozera anali napo onse, koma panalibe ndi mmodzi yemwe wofunsa kuti mutu uwu unasenzapo chiyani.

Anadzafunsa ndi mayi ena a uphungu kuchipatala, mwana wanga wamkazi atandikokera kumeneko ndili kale ndi imvi. Ndinawakalipira kuti zaka zonsezi anali kuti. Sanathawe. Anandiuza kuti si misala, si ulesi. Thupi limasunga mantha ngakhale nkhondo itatha kalekale, ndipo limatha kuphunzitsidwanso.

Tinakumana kambirimbiri. Poyamba ndinkangogwira nkhata, n'kumapuma pang'onopang'ono mpaka mtima utakhazikika. Kenako kuiika pamutu, yokhayokha. Patapita miyezi, kabeseni kopanda kanthu. Masiku ena ndinkalephera, n'kubwerera kunyumba ndikutukwana njira yonse.

"Mukafuna kutula, tulani mayi," ankatero mayi a uphungu aja. "Mwini katundu ndinu."

Chaka chatha ndinasenza ndowa kuchokera pa mjigo. Pakati pa njira ndinaima, amayi onse onditcha Dona aja akuona. Ndinatula. Ndinadikira.

Kunangolira belu la njinga ya kabaza, mnyamata wake akupempha njira.

Ndinakhala pansi pambali pa ndowayo, n'kutchula dzina la Rozina mokweza, koyamba chiwolokereni Chiuta.