Vinyo wa Eni Ake m'Sutikesi ya Mayi Chikadza

Ku Barking, Mmalawi akafuna kulongedza katundu wa ulendo amapita kwa Mayi Effie Chikadza. Ndi mayi wamfupi wovala mandala, wa zaka sikisite-sikisi, ndipo amakhala m'nyumba yosanja kuseri kwa siteshoni. Analowa Mvano akadali mtsikana ndipo mowa sanaulawepo chibadwire. Komatu mabotolo a vinyo amene adutsa m'manja mwawo akhoza kudzaza bala yonse.

Luso lawo analitengera kwa bambo awo ku Domasi. Mdalayo ankagula mazira m'midzi n'kukagulitsa ku Zomba pa njinga, msewu uli mabampu okhaokha. Ankayala madeya m'dengu, n'kuika mazira, kuthiranso madeya, kuikanso mazira. Ankati dzira silisweka ndi msewu, limasweka ndi dzira linzake. Effie anakula akuona zimenezi, kenako anaphunzira unamwino, anakwatiwa, anabereka mwana mmodzi wamkazi, Luntha, ndipo amuna awo atamwalira anabwera ku London m'chaka cha 2002. Anayamba ntchito pa chipatala chachikulu ku Edmonton, koma maondo atayamba kudandaula ndi makonde ataliatali anasamukira ku nyumba yosamalira okalamba ku Barking.

Kutchuka kwawo sikunabwere ndi jakisoni ayi, kunabwera ndi sutikesi. Aliyense wopita kumudzi amakhala ndi abale makumi atatu ndi makilo twente-firii basi. Mayi Chikadza ankatha kulowetsa mbale zadothi, mafuta odzola, nsapato za mlamu ndi ketulo m'chikwama chimodzi, n'kuchinyamula ndi dzanja limodzi, kutsinzina, n'kunena kuti, “Chotsanimo jekete imodzi.” Sikelo ya ku bwalo la ndege sinawatsutsepo. Salandira kanthu pa ntchitoyi. Wofuna kuthokoza amawabweretsera usipa pobwerera.

Vinyo anabwera ndi Marjorie. Ameneyu ndi mnzawo wa kuntchito, wa ku Chipata ku Zambia, mayi waphokoso wokonda kuseka, amene anakwatiwa ndi Trevor, mzungu woyendetsa basi. Trevor atapuma pa ntchito, awiriwa anayamba kukonda maulendo a sitima yapamadzi, aja ongokwera kukazungulira nyanja n'kubwerera pomwe unachokera. Kunoko amati cruise. Mayi Chikadza sankamvetsa. Kwa iwo ulendo unali wa maliro, ukwati kapena kukaona odwala. Munthu angalipire bwanji kuti apite kopanda m'bale?

Tsiku lina Loweruka masana Marjorie anafika ndi sutikesi ndi mabotolo awiri ofiira.

“Ba Effie, nithandizeni. Wayini mu sitima ni yodula maningi, manje amalola botolo imodzi munthu aliyense. Ulendo watha inaphwanyika, malaya ya Trevor yonse yanasanduka ya pinki.”

“Mwasokera nyumba, amwali,” anatero Mayi Chikadza. “Ine wa Mvano ndizilongedza mowa? Khalani pansi mumwe tiyi, zimenezo mukachitire kwanu.”

Marjorie sanapite kwawo. Anakhala pa kapeti n'kuyamba kukulunga yekha. Anatenga thaulo limodzi, anakulungamo mabotolo onse awiri pamodzi, n'kuwagoneka m'mphepete mwa sutikesi, pamwamba penipeni pa matayala. Mayi Chikadza anayang'ana kumbali. Anatakasa tiyi amene anali atamutakasa kale. Atamva magalasi akugundana, ngwe, mtima unakana.

“Tachokani apo! Mukufuna kupha ndani?”

Tchimo akanatha kupirira nalo, koma ntchito yosalongosoka ayi. Anavula mandala, anawapukuta, n'kugwada pansi. Botolo lililonse analimata tepi pakamwa, n'kulilowetsa mu sokosi yokhuthala ya Trevor. Kenako anapita kuchipinda n'kubwera ndi matewera a akuluakulu, otsala a mayi wina wa mumpingo amene ankamudwazika asanamwalire.

“Iyee, ba Effie, thewera?”

“Likasweka, vinyo apita kuti? Chinthu ichi chimamwa madzi kuposa malaya a amuna anu. Ndagwira nacho ntchito zaka zambiri, ndikuchidziwa.”

Anakulunga botolo m'thewera, analiika m'jumbo, anafinya mpweya n'kumanga, n'kuikanso m'jumbo ina. Pansi m'sutikesimo anayala majuzi, m'mbali anaimika nsapato ngati mpanda, mabotolo anawagoneka pakatikati, lina mutu uku lina mutu uko, pakati pawo atapindapo buluku. Atatseka ananyamula sutikesi n'kuigwedeza pafupi ndi khutu. Munali zii. Anaiponya pansi dala, Marjorie n'kukuwa.

“Anyamata onyamula katundu kudoko aiponya kuposa pamenepa,” anatero. Atatha anakasamba m'manja ndi sopo kawiri.

Mabotolo anakafika bwinobwino, ndipo Marjorie si munthu wosunga nkhani. Posakhalitsa anamwino a ku Edmonton, ogulitsa m'sitolo ku Wembley, ngakhale anzake a Trevor oyendetsa basi, anayamba kugogoda. Mayi Chikadza anaika malamulo awo. Salongedza oposa amene sitima imalola. Sagwira botolo lotsegula. Lamulungu sagwira konse. Ndipo aliyense amayenera kumva kaye mawu awiri atatu okhudza chiwindi, poti unamwino sanauiwale. Anthu ankavomera ndi mutu, maso ali pa thewera.

Nkhani inafika kumpingo, umene umasonkhana mu holo ya sukulu ina Lamulungu masana. Bambo Levy Mataka, mkulu wa mpingo, anawaitanira pambali atatha mapemphero, azimayi akupinda mipando.

“Mayi, tamva zoti kunyumba kwanu kwasanduka depoti. Kodi kuthandiza munthu kunyamula tchimo lake si kugawana naye?”

“Bambo, ine sindigula, sindigulitsa, sindimwa. Ndimangoteteza zovala.”

“Muganizepo bwino. Atsikana akuonera inu.”

Anaganizadi. Kwa miyezi iwiri anabweza aliyense wobwera ndi botolo, ndipo anamva kuti diresi la mayi wina lokumbukira zaka twente-faifi za ukwati linaonongeka ndi vinyo pa doko la Southampton. Zinawapweteka ngati wodwala wafera m'manja mwa namwino wina. Ndiye Lachitatu lina m'mawa belu linalira. Pakhomo panali Bambo Mataka, chipewa chili m'manja, jumbo ili kukhwapa. Ana awo anali atawagulira ulendo wa ku zilumba za Canary.

“Adokotala akuti kapu imodzi ya wofiira ndi yabwino pa mtima,” anatero akuyang'ana nsapato zawo.

“Adokotala ake ati, bambo?”

“Wina wake. Wa pa foni.”

Mayi Chikadza sanaseke. Anawapatsa mpando, anawauza za chiwindi mosadumpha liwu ndi limodzi lomwe, n'kuwafunsa ngati abweretsa sokosi.

Chaka chatha mayiwa anapuma pa ntchito. Luntha, amene amamva Chichewa koma amayankha m'Chingerezi, anawapatsa envelopu pa phwando lotsanzikana. Munali tikiti ya sitima yopita ku Norway, masiku asanu ndi awiri, kunyamukira pa Tilbury. Marjorie ndi Trevor anali kupitanso.

“Ku Norway kuli ndani?” anafunsa.

“Nobody, Mum. That's the point.”

Anakana sabata yathunthu, koma tikiti inali yosabweza, ndipo kutaya chinthu cholipiridwa kale kunali tchimo lina. Analongedza majuzi, mankhwala a maondo ndi bulauzi yawo yoyera ya Mvano, poti anamva kuti m'sitimamo mumakhala mapemphero Lamulungu. Apa Marjorie anabwera ndi pempho.

“Ba Effie, imwe simukumwa. Manje malo yanu ya botolo izangopita chabe? Ninyamulileniko imodzi.”

Kuononga malo m'sutikesi ndi chinthu chimene Mayi Chikadza sanachitepo. Anavomera. Kwa nthawi yoyamba vinyo analowa m'chikwama chawo, ndipo anamukulunga mwaulemu kuposa onse am'mbuyomo.

Anakwera sitima yapamtunda pa Barking, mphindi zochepa anali pa Tilbury. Pa doko panali mzere wautali wa azungu aimvi. Sutikesi ya Trevor inadutsa pa makina, ya Marjorie inadutsa, koma ya Mayi Chikadza anaipatula. Mlonda wovala yunifolomu, bambo waulemu ndithu, anawapempha kuti atsegule. Mlondayo anasuntha juzi, anasuntha buluku, n'kutulutsa jumbo yoonekera mkati. Ataona thewera lofufuma bwino lomwe, nkhope yake inafiira. Analibweza msangamsanga n'kunong'ona mopepesa kuti sanafune kuwachititsa manyazi, ndipo ngati akufuna chimbudzi chapafupi chili kumanzere. Mayi wina wachizungu kumbuyo kwawo anawasisita paphewa n'kuwauza kuti asadandaule, nayenso amavala.

Mayi Chikadza anaima njo. Panali njira ziwiri: akhale chete adziwike ngati gogo wodzikodzera, kapena alankhule adziwike ngati chidakwa. Zaka zonse zija anasintha matewera a anthu ena osanyansidwa, osanyoza aliyense. Koma anthu aganize kuti thewerali ndi lawo?

“Si langa!” anakuwa m'Chingerezi chawo cha ku wodi, chomveka mpaka kumapeto kwa mzere. “Muli vinyo umo! Botolo lathunthu! Tsegulani muone!”

Mlondayo anatsegula. Zinamutengera nthawi, chifukwa mfundo za Mayi Chikadza sizimasuka wamba. Atafika pa sokosi anaitana mnzake kuti adzaone, ndipo awiriwo anagwirizana kuti chiyambire ntchito sanaonepo botolo lotetezedwa chotero. Anthu ena pamzere anaomba m'manja. Marjorie anali atakhala pa sutikesi yake, misozi ili mbwee ndi kuseka.

M'sitima anawapatsa kachipinda koyandikana ndi ka anzawowo. Marjorie anabwera kudzatenga katundu wake, anamasula botolo, analiimika pa kathebulo, n'kuthamangira kukaona kumene kuli chakudya, akuti abweranso. Sanabwere msanga. Sitima inatuluka mumtsinje n'kulowa m'nyanja yeniyeni, ndipo madzulo ake mphepo inayamba. Mayi Chikadza, amene m'moyo wawo anali asanakwerepo ngakhale bwato, anagona chagada atagwira m'mimba, denga likupita uku ndi uku. Analiona botolo likutsetsereka. Analiona likugwa chammbali, likugubuduka mpaka kumphepete. Dzanja linakana kudzuka. Botolo linagwera pa chitsulo cha sutikesi imene inali yotsegula pansi, phwaa, ndipo vinyo yense anathera pa bulauzi yoyera.

Anadzuka mwakhama, ananyamula bulauziyo n'kutuluka kukafuna thandizo. Ankayenda akudzandira, akugwira makoma, fungo la vinyo lili guu, maso ali ofiira ndi mseru. Banja lina la ku Leeds linawapatsa njira mwaulemu, mwamunayo n'kuwauza kuti ayamba bwino holide.

Wogwira ntchito yokonza zipinda, mayi wa ku Philippines, anayang'ana bulauziyo n'kupukusa mutu. Anati kochapira atsegula mawa, koma pofika mawa banga likhala litakhazikika. Anatinso anamva kwa alendo ena kuti vinyo woyera amachotsa wofiira, ukathira msanga n'kuwazapo mchere.

Ndi mmene zinakhalira kuti Mayi Effie Chikadza, pa zaka sikisite-faifi, anakaima pa bala koyamba m'moyo wawo n'kuitanitsa kapu ya vinyo woyera. Wogulitsa anawafunsa kuti akufuna mtundu wanji, wotsekemera kapena wowawasa, wa ku France kapena wa ku Chile.

“Wochapira,” anayankha.

Anawapatsa wa ku Chile. Ananyamula kapuyo ndi manja awiri kudutsa m'khonde lonse, sitima ikuvina, osataya ngakhale dontho. Pa chikepe anakumana ndi Trevor, amene anayang'ana kapu, anayang'ana mayiwo, n'kungokweza chipewa.

Banga silinachoke. Linangosintha mtundu, kuchoka pa kufiira n'kukhala lotuwa ngati phulusa, lalikulu ngati chikhatho, pamtima penipeni. Lamulungu anapita ku mapemphero atavala juzi mpaka m'khosi. Nyanja inadekha tsiku lachitatu, ndipo anaona mapiri a ku Norway ali ndi mathithi otsika kuchokera m'mitambo. Anawayang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti ndi okongola ndithu, koma sakuposa Mulanje.

Atabwerera, Luntha anawafunsa ngati angapitenso. Anati aona. Marjorie akuti Mayi Chikadza anafunsa kale kawiri konse za sitima yopita ku Portugal mwezi wa Meyi, ati kumeneko nyanja siivuta kwambiri. Eni ake akukana. Akuti amangofuna kudziwa za nyengo, kuti azilangiza bwino anthu za majuzi.