Mpata wa Kapu ya Amayi

Ndikukumbukira chaka chimene anasintha mpanda wa pa doko. Ndinali m'giredi sikisi, tikukhala ku Kabwata. Lusaka ilibe nyanja, koma malo amene malole ochokera ku Dar es Salaam ankatsitsirako makontena anthu ankangowatchula kuti doko. Tsiku loyamba kufikako ndinafunafuna sitima zapamadzi. Ndinapeza fumbi, fungo la dizilo ndi mbuzi imodzi.

Amayi ankagulitsa tiyi ndi vitumbuwa kwa anthu onyamula katundu m'katimo. Pageti sankaloledwa, koma kumbuyo waya wakale unali utabooka, ndipo ikakwana teni koloko manja akuda ndi girizi ankatulukira pabowopo. Loweruka ndinkapita nawo. Chifukwa cha manyazi sindinkayang'ana nkhope za anthuwo, ndinkawadziwira manja. Bowo limenelo ndilo linkatidyetsa, ndilonso linkandisunga pasukulu, poti Atate, amene anali owotcherera zitsulo, anali atakhala miyezi yambiri osagwira ntchito.

Kenako kunamveka kuti waya uchotsedwa, paimikidwa zitsulo zazitali, waya waminga pamwamba ndi makamera m'makona. Atate analembedwa ntchito yowotcherera mpandawo. Tinakondwa masiku awiri. Tsiku lachitatu Amayi anasiya kukanda fulawa n'kuyang'ana Atate, nawaitana potchula dzina langa.

"Atake Tisa, ndiye kuti wonditsekera mukhala inuyo?"

"Musade nkhawa, amake Tisa. Chitsulo chimamvera ine," anatero Atate.

Mpata wa pakati pa zitsulo ankauyeza ndi kathabwa kopapatiza kamene anapatsidwa. Atafika pamene panali bowo lija, Atate anabisa kathabwako n'kuyeza ndi kapu yamalata ya Amayi, imene anaitenga m'thumba la ovolosi. Kwa sabata ndi theka tiyi ankadutsa bwinobwino, kapu ikukhula pang'ono penti watsopano. Ndinalemba m'kabuku kanga kuti Atate ndi anzeru kuposa aphunzitsi onse.

Tinali titaiwala makamera. Loweruka lina kapitawo anabwera atawatsogoza Atate, nalowetsa kathabwa kake pampatapo. Kanagwedera.

"Ba Phiri, apa munapima na chani?"

"Dzanja linaterereka, bwana."

"Linaterereka pamene pali akazi anu?"

Anawauza kuti atseke okha. Ife tinaima kunja, Amayi atagwira ketulo. Atate anatsitsa chigoba chowotcherera kumaso n'kuika chitsulo chachitatu pakati. Moto wabuluu unkathetheka, fungo la chitsulo chopsa likusakanikirana ndi la vitumbuwa. Atamaliza sanakweze chigobacho mpaka ife titachoka. Masana omwewo anawalanda ovolosi ndi khadi lolowera.

Kabukuko ndikadali nako. Patsiku limenelo ndinangolemba kuti: "Tadya vitumbuwa masana ndi madzulo." Masamba ochepa otsatira akunena za kusamukira ku Chunga, m'chipinda chimodzi, ndi za yunifolomu yanga imene Amayi anaipereka kwa mwana wa aneba. Kusukulu sindinabwererenso. Atate sanadandaulepo za ntchitoyo. Chimene ankabwerezabwereza mpaka imfa yawo n'chakuti akanayeza ndi kapu yocheperako.

Masiku ano ndimadutsa pamenepo pa minibasi. Mpanda anauwonjezera nthambo zamagetsi, m'kati muli kantini, ndipo kunja kulibenso mayi aliyense wokhala ndi ketulo. Anthu amauyamikira kuti katundu sabedwanso, ndipo mwina n'zoona. Ine maso anga amathamangira pamalo amodzi, pamene zitsulo zitatu zinaima mothithikana kuposa zinzake. M'mpanda wonsewo, palibe pena pamene panawotchereredwa bwino ngati pamenepo.