Bedi limene a Kalipentala analanda

Mumsewu wathu mukafunsa za a Kalipentala, anthu asanakulozereni n'komwe pamene pali shedi yawo, ayamba akuuzani za bedi. Amati bambo amenewa anapatsa mwana wawo wamkazi bedi tsiku la ukwati, anthu n'kuwomba m'manja, ndiye patapita miyezi isanu ndi itatu anapita dzuwa likuswa mtengo, eni nyumba ali kuntchito, n'kukalinyamula pangolo yokankha. Mwanayo n'kuti ali ndi pakati potopa. Ena amathirirapo mchere kuti anatenganso mpando. Za mpandozo n'zabodza. Za bedizo n'zoona, ngolo yake ndi ija ya wogulitsa makala, kungoti nkhaniyi anthu amaigwira kumchira.

A Kalipentala ndi munthu wamfupi, ndipo eniake sabisa. Amati tsiku limene ankapangidwa matabwa anali atatha, anangowalumikiza ndi zotsala. Sukulu anaisiya masamu atayamba kuwazunguza mutu, moti tepi yoyezera imene akazi awo anawagulira potsegula shedi idakali pamsomali mpaka lero, yachita kuuma ndi dzimbiri. Iwo amayeza ndi thupi la munthu. Wofuna mpando amamukhazika pachitsa n'kuona pamene mawondo apindikira. Wofuna tebulo amamuuza atambasule mikono. Wofuna bedi amamugoneka pathabwa, pakati pa utuchi pomwepo, n'kulemba ndi pensulo kumutu ndi kuzidendene, kenako n'kuwonjeza chikhatho chimodzi uku ndi uku. Pathabwa limenelo pagona aphunzitsi, pagona apolisi, panagonanso m'busa wina wonenepa amene anayamba kuliza mkonono pensulo isanafike kumapazi. Zaka makumi atatu, palibe anabwezapo bedi.

Kuumira alibe. Timipando ta ana, zogwirira makasu, mashelefu, zonsezi zimatuluka m'shedi muja kwaulere. Matenda awo ndi amodzi: chimene apatsa amachitsatira. Akakupatsa tebulo, Loweruka lotsatira wamva odi pakhomo, alowa, aligwedeza, asuzumira kunsi, akufunsa amene waikapo poto wotentha.

"Inu simupatsa," amatero akazi awo, "mumangosungitsa."

Iwo ali ndi chiphunzitso chawo pa nkhaniyi, ndipo tonse tinachiloweza osafuna. Amati kupatsa kulipo kosiyanasiyana. Pali kugawa, kumene ndi kwa zinthu zochuluka ngati utuchi, aliyense abwere ndi thumba lake. Pali kutaya, kumene umapatsa mnzako chinthu chakutopetsa n'kuima chilili kudikira zikomo. Ndiye pali kupatsa kwenikweni, kumene chinthu chimachoka m'manja koma kamtima kako kamapita nacho.

"Ndiye ndikamayenda m'makomomu ndimakazonda mtima wanga," amatero.

"Mtima wake uti? Mumakazonda tiyi wa eni," amayankha akazi awo.

Mwana wawo wotsiriza atapeza mwamuna, anapeza wamagetsi, munthu wofatsa, wolankhula ngati akupepesa, koma wamtali moti babu amasintha ataima pansi. A Kalipentala pomupatsa moni ankachita kukweza mutu ngati akuona kumene mvula ichokere. Anatsimikiza mumtima kuti mphatso ya ukwati ikhala bedi ndi mpando, ndipo palibe adziwe mpaka tsiku lake.

Apa ndiye panali pothina. Munthu amene wabwera dzulodzuloli kudzapempha mwana wako, wavala jekete yobwereka, akutuluka thukuta ndi ulemu, ungamuuze bwanji kuti vulani nsapato mugone apa? Ndiponso chinsinsi chikanaululika. Tsono masana ena anatseka chitseko cha shedi, n'kugona okha pathabwa, n'kudzilemba kumutu ndi kumapazi. Atadzuka anayang'ana mizere ija n'kunena kuti, mnyamata ujatu ndi wamtaliko. Anawonjeza zikhatho ziwiri m'malo mwa chimodzi, n'kudziyamikira kuti ndi munthu woganiza patali.

Bedi linatuluka lokongola, tisanamizane. Matabwa ouma bwino, kumutu kosemasema, vanishi wodziwonerapo nkhope. Mkamwini analandira ndi manja awiri, mutu uli pansi.

Kenako kuzonda kunayamba. Ulendo uliwonse akafika kwa anawo, mpando uja pabalaza panalibe.

"Mpando uja uli kuti, mayi?" ankafunsa mwana wawo.

"Uli kuchipinda, bambo."

Mwezi wotsatira, kuchipinda. Winawo, kuchipindanso. Kuchipinda kwa ana sukangolowako ngati kumsika, ndiye ankangomwa tiyi mtima uli m'mwamba. Tsiku lina ananama kuti analota mwendo umodzi ukugwedera, aubweretse basi. Mwana anaubweretsa mokoka miyendo. A Kalipentala anautembenuzira kuwindo. Pokhalira pake vanishi anali atafufutika malo awiri, timadontho tozungulira ngati mazira, toyandikana. Munthu wa zaka makumi atatu pa ntchito amadziwa kuti matako sasiya chizindikiro chotero. Anaikapo zala ziwiri. Zidendene.

Anayang'ana miyendo ya mkamwini, imene inali itadutsa kunsi kwa tebulo n'kutulukira mbali inayo. Mkamwini anayang'ana babu. Tiyi wa tsiku limenelo anazizira m'kapu.

Panjira ankadzitukwana okha. Miyezi isanu ndi itatu mwana wa eni akugona theka pabedi theka pampando, ndipo m'mawa uliwonse akakumana amati tagona bwino, bambo. Sanauze munthu, ngakhale akazi awo, poti ankadziwa kuti aseka mpaka agwe. Nzeru imene anapeza inali yakuti bedilo alitenge anawo ali kuntchito, asinthe matabwa a m'mbali, alibweze asanaweruke. Mkamwini angozindikira kuti mapazi akwana, wina asachite manyazi, winanso asachite manyazi.

Kiyi anakapempha kwa mayi eni nyumba imene anawo ankachita lendi, amvekere ndabwera kudzakonza kanthu. Atanyamula matiresi anapeza kuti kumapazi anachita kudulidwa ndi mpeni kuti akwane, ndipo chidutswacho anachikutira nsalu n'kusandutsa pilo. A Kalipentala anakhala kaye pansi. Kenako anakweza bedi pangolo, msewu wonse ukuona.

Kushedi analimasula, n'kutulutsa matabwa atsopano aataliatali, n'kuchotsa pensulo kukhutu. Dzanja linaima m'malere. Alembe pati? Muyeso wa munthuyo analibebe. Bedi lili zidutswazidutswa pansi, ndipo iwo abwerera pomwe paja anayambira.

Madzulo foni inalira. Anali mwana.

"Bambo, akuti mwatenga bedi?"

"Lili m'manja abwino," anatero, n'kudula.

Tsiku lachiwiri anakabisala pafupi ndi mpanda wa njerwa umene mkamwini amadutsa popita kuntchito, kuti aone njerwa imene mutu ufikepo. Mkamwini anawaonera patali, n'kuganiza kuti wawalakwira chachikulu, n'kukhotera njira ina. Tsiku lachitatu nkhani inali itamera miyendo. Wometa anati ukwati watha. Mayi wa pagolosale anati bedilo linali la munthu wina, mwini wake walifuna. Kunyumba akazi awo anawaikira mbale patebulo mwamphamvu moti supuni inadumpha.

"Mwana akugona pasimenti ndi mimba ija. Mwati mtima wanu umatsatira mphatso? Nanga mwanayo si mphatso? Inu mutu ukuyenda?"

"Ndikukonza."

"Mukukonza chiyani?"

"Kanthu."

Tsiku lachinayi mwana anafika yekha pashedi, dzanja lili pamsana, mwamuna wake akubwera pambuyo ngati mlongoti wa magetsi umene waphunzira kuyenda. Sanapereke moni.

"Bambo, ngati talakwa tiuzeni. Kwa apongozi anga amva kale, akufunsa ngati tikubweza ndi mapoto omwe. Ine nsana ukundipweteka. Mundiuze lero, apo ayi pakhomo panga musadzapondenso, ngakhale mwanayu akabadwa."

A Kalipentala anayang'ana utuchi. Anayang'ana tepi ija pamsomali, ngati ingawalankhulire. Panja anthu anali atayamba kale kuchedwetsa mapazi, wogulitsa makala akunamizira kumanga thumba lomangamanga kale.

"Bedi lija ndi lalifupi," anatero.

"Ndiye?"

"Ndinayezera ine."

"Munayezera inu bwanji?"

"Ndinagonapo ndine pathabwa."

Mwana anawayang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, ulendo umene sutenga nthawi. Kenako anatembenuka n'kuyang'ana mwamuna wake, ulendo wautali ndithu. Anayamba kuseka atagwira mimba, misozi ili chuchuchu, mpaka anachita kumukhazika pachitsa.

"Musadandaule, bambo," anatero mkamwini motsitsa mawu. "Ndinazolowera. Mapazi amapitidwa mphepo bwino."

"Nanga osanena bwanji, apongozi?"

"Chopatsidwa, bambo. Ndikanayambira pati?"

"Ine ndiye ndikanayambira pati?" A Kalipentala anakoka thabwa n'kuligwetsa pansi, fumbi koboo. "Basi, zatha. Apongozi, vulani nsapato. Gonani apa."

Wamagetsi uja anavula nsapato, n'kuziika bwinobwino pambali, n'kugona chagada pamaso pa msewu wonse, manja ali pachifuwa ngati akudikira dokotala. Thabwa limene linakwana apolisi ndi m'busa linathera m'akakolo. Anachita kulumikizapo lina. A Kalipentala analemba kumutu, n'kuyamba ulendo wopita kumapazi, ndipo wometa anawakuwira kuti atenge kamba wa panjira.

Bedi linabwerera mawa lake pangolo yomwe ija, ndipo polowa pakhomo linavuta, anachita kuzula chitseko. Chidutswa cha matiresi chija anachichotsa m'nsalu n'kuchimatanso ndi guluu, n'kuwonjezapo china. Mpando tsopano uli pabalaza. Timadontho tija anakana kutipaka vanishi, akuti tikhale pomwepo, akamabwera kudzamwa tiyi azikhalira manyazi awo.

Mdzukulu anabadwa, wamtali ngati bambo ake. Kabedi kake a Kalipentala anayeza pomugoneka mwiniwakeyo pathabwa, akulira, agogo ake aakazi akulalata kuti mumupatsa chimfine.

Koma mbiri ija sinafe. Anthu amene anaona mkamwini atagona pa utuchi ndi ochepa poyerekeza ndi amene anaona ngolo. Mpaka lero mlendo akafuna kalipentala amamuchenjeza kuti ntchito amaitha, koma akakupatsa chinthu uzikhoma chitseko. Tsiku lina wogulitsa makala anawauza maso ndi maso kuti m'tauni muno akuti inu ndi munthu wolanda mphatso ya mwana wanu yemwe. A Kalipentala sanasiye n'komwe kupala thabwa.

"Auzeni kuti ndinalandadi. Linali bedi loipa. Ndipo likadzagwedera ndikalandanso."